Tet ya ma node 4 kapena ya ma node 10: pamene chitsulo cha pa kompyuta chimaoneka cholimba kuposa chenicheni

M'mafakitale a zitsulo a ku Germiston, Wadeville ndi Isando, kum'mawa kwa Johannesburg kuno, muli abale athu amene ntchito yawo ndi kujambula pa kompyuta. Amajambula mabulaketi a malamba onyamula miyala ku migodi, miyendo ya mapampu, ngowe zonyamulira katundu. Kale wojambula akamaliza ankapereka pepala kwa injiniya kuti awerengere ngati chitsulocho chingapirire. Masiku ano pulogalamu yojambulira yomweyo ili ndi poyesera mphamvu, ndiye abwana akangoti, "Achimwene, taonani ngati ichi chinganyamule matani awiri," munthu amadina, n'kudikira pang'ono, chithunzi cha mitundumitundu n'kutuluka. Buluu, mtundu wosonyeza kuti chitsulo sichikuvutika, akachuluka, mitima imakhala pansi.

Pakati pa kudinako ndi chithunzicho pali chisankho chimodzi chimene ambiri sachiona n'komwe, chikhalirecho chimatha kusintha yankho kwambiri: kodi mesh, ukonde wa tizidutswa timene kompyuta imaduladulamo chitsulocho, yapangidwa ndi ma tetrahedron (ma tet mwachidule) a ma node 4 kapena a ma node 10? Nkhaniyi imandikhudza chifukwa tet ya ma node 4 ikalakwa, imalakwira mbali yoopsa. Imakuuzani kuti chitsulo chikupindika pang'ono ndipo sichikuvutika, pamene zoona zake chikuvutika.

Masamu ofotokoza m'mene chitsulo chimapindikira analipo kale m'zaka za m'ma 1800, koma yankho lake lenileni limapezeka pa zinthu zosavuta zokha, monga mtanda wowongoka kapena chitsulo chafulati chokhala ndi bowo limodzi. Bulaketi yokhala ndi mabowo asanu ndi nthiti ziwiri ilibe yankho la papepala. Njira ya finite element imachiduladula chinthucho m'tizidutswa, ma element, tolumikizana pa timadontho totchedwa ma node. Kompyuta imafufuza kuti node iliyonse yasuntha bwanji, ndipo za m'kati mwa element imangoziyerekeza kuchokera pa kusuntha kwa ma node akewo. Pepala la Turner, Clough, Martin ndi Topp la mu 1956, lonena za mapiko a ndege, ndi limodzi mwa magwero a njirayi, ndipo Ray Clough ndi amene anaipatsa dzina mu 1960. M'pepala la 1956 lija munali kale element ya makona atatu yokhala ndi ma node atatu, kholo lenileni la tet ya ma node 4.

Tetrahedron ili ndi ngodya zinayi, mizere ya m'mphepete isanu ndi umodzi, ndi mbali zinayi za makona atatu. Imakondedwa chifukwa pulogalamu imatha kudzaza nayo chinthu cha maonekedwe alionse payokha, m'masekondi ochepa. Ma element a ngodya 8, a maonekedwe a bokosi, amawerengera bwino, koma kuwayala m'chitsulo chosungunula chokhotakhota kumafuna dzanja la munthu ndiponso nthawi imene pa fakitale sipezeka. Choncho ambirife timagwira ntchito ndi ma tet, ndipo funso limene latsala ndi lakuti ma tet ake ati.

Tet ya ma node 4 ili ndi node pa ngodya iliyonse basi. Node iliyonse imasuntha mbali zitatu, ndiye element yonse ili ndi manambala 12 osadziwika. Ndi ma node a pa ngodya okha, kusuntha kwa m'kati kumangosintha mwa mzere wowongoka kuchoka pa ngodya ina kufika pa ina. Tsono strain, kumene kuli kutamuka kapena kufinyika kwa chitsulo pa malo alionse, imachokera pa kupendekeka kwa mzere umenewu, ndipo mzere wowongoka umapendekeka chimodzimodzi paliponse. Zotsatira zake n'zakuti mu element yonseyo strain ndi imodzi, ndipo stress, mphamvu yokoka kapena yofinya m'kati mwa chitsulo pa malo alionse, ndi imodzinso. Nambala imodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Taganizirani tsono mtanda umene ukupindidwa. Mbali yakunja ikukokeka, mbali yam'kati ikufinyika, pakati penipeni palibe stress. Stress ikusintha pang'onopang'ono kuchoka pa kukokeka kwakukulu kufika pa kufinyika kwakukulu. Element ya nambala imodzi singaonetse zimenezi. Mukaika ma element awiri kapena atatu m'kuchindikala kwa mtandawo, mukupeza masitepe awiri kapena atatu m'malo mwa mzere wosalala. Choipa china, poti mizere ya element yotere singakhote, ikafuna kutsanzira kupindika imayamba kupotoka chammbali, ndipo kupotoka kwabodzako kumadya mphamvu imene ikanapinda mtanda. Mtanda wa pa kompyuta umauma gwa. Buku la malangizo la pulogalamu yowerengera mphamvu ya CalculiX limanena mosabisa kuti element imeneyi, imene limaitcha C3D4, ndi youma kwambiri moti siyenera kuwerengera zitsulo pokhapokha ataikidwa ochuluka zedi, ndipo limalangiza ya ma node 10.

Kuuma kumeneku si ngozi ya pulogalamu imodzi ayi. Chitsulo chenicheni chimatha kupindika m'njira zosawerengeka, ndipo chimasankha njira yosavuta kwambiri. Mesh imachiloleza njira zochepa chabe, zimene ma element ake angakwanitse. Chimene chaletsedwa njira zina chimaoneka cholimba. N'chifukwa chake mukakankha chinthu ndi mphamvu, yankho la kompyuta limafika pa choona kuchokera kumunsi: kupindika kumayamba kochepa, n'kumakwera mesh ikamawongoleredwa.

Pa stress vuto limakula. Nambala imodzi ya mu element ija imayandikira stress ya pakati pa element, ndipo pakati pa element pali m'kati mwa chitsulo, osati pakhungu pake. Koma ming'alu ya kutopa kwa chitsulo imayambira pakhungu, pamene stress ya kupindika ili yaikulu koposa. Pa zitsulo zowotcherera, malamulo ambiri owerengera kutopa amati moyo wa chitsulo umatsika molingana ndi stress × stress × stress. Ngati mesh yakubisirani magawo 20 pa 100 alionse a stress, muchulukitse 0.8 katatu mupeza 0.512, kutanthauza kuti moyo umene mwalemba mu lipoti ndi wowirikiza pafupifupi kawiri moyo weniweni. Bulaketi ya sefa yogwedezeka ya pa mgodi, imene imagwedezeka usana ndi usiku, sidikira nthawi yaitali kuti isonyeze zimenezi, ndipo pansi pake pamadutsa anthu.

Tet ya ma node 10 imawonjezera node imodzi pakati pa mzere uliwonse wa m'mphepete. Ngodya zinayi kuphatikiza mizere isanu ndi umodzi, ma node 10, manambala osadziwika 30. Mzere wokhala ndi madontho atatu utha kukhota ngati parabola, ndiye kusuntha kwa m'kati kumakhota, ndipo strain imasintha mwa mzere wowongoka kuchoka mbali ina ya element kufika ina. Kumeneku ndiye kusintha kumene kupindika kumafuna: kukokeka pamwamba, kufinyika pansi, m'kati mwa element imodzi. Kompyuta imawerengera stress pa malo anayi m'kati mwake m'malo mwa amodzi, n'kuyendetsa manambalawo kufika pakhungu. Mayina ake amasiyana malinga ndi pulogalamu. Mu Abaqus ndi CalculiX ndi C3D10, mu Ansys ndi SOLID187, mu Nastran ndi CTETRA ya ma node 10. SolidWorks Simulation imatchula ya ma node 4 kuti draft quality ndipo ya ma node 10 kuti high quality. Amene mumagwiritsa ntchito Gmsh, pulogalamu yopanga mesh, payokha samalani, chifukwa mukapanda kuiuza imatulutsa ma element a order 1, a ma node 4 aja, muike Mesh.ElementOrder pa 2 kuti mupeze a ma node 10. Mu FreeCAD yang'anani Element Order pa mesh musanayambe kuwerengera.

Anzanga ambiri amadandaula mtengo wake, ndipo akunena zoona. Mu mesh yaikulu ya ma tet, mizere ya m'mphepete imachuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa ngodya. Mukaika node pa mzere uliwonse, ma node onse amachuluka pafupifupi ka 8. Mesh ya ma node 100,000 imasanduka ya pafupifupi 800,000, manambala osadziwika 2.4 miliyoni, ndipo node iliyonse imalumikizana ndi anzake ambiri kuposa kale. Laputopu imene inkamaliza m'mphindi imodzi imayamba kulira fani, nthawi zina memory n'kutha. Koma tiyerekeze mtengo ndi phindu lake. Mukasunga ma tet a ma node 4 n'kuchepetsa kukula kwawo ndi theka, ma element amachulukanso ka 8, poti mwagawa pawiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Pa mtengo umenewo cholakwa cha stress chimangotsika ndi theka. Ndi ma tet a ma node 10, pamene stress ikusintha mosalala, kuchepetsa kukula ndi theka kumatsitsa cholakwacho kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo amayambira kale pafupi ndi choona. Choncho musatembenuze mesh yowirira ya ma node 4 kukhala ya ma node 10 momwe ilili. Yambani ndi ma element akuluakulu a ma node 10, muwachepetse pa mabowo ndi pa makona ozungulira okha. Kawirikawiri mudzapeza yankho labwino ndi ma node ochepa kuposa amene munali nawo.

Phindu lachiwiri limaiwalika, koma kwa ine ndi lofanana ndi loyamba. Node ya pakati sikakamizidwa kukhala pa mzere wowongoka. Pulogalamu itha kuikhazika pakhungu lenileni la chojambula, mzere n'kukhota motsatira bowo. Amene anaonapo nkhokwe ikulukidwa akudziwa chifukwa chake timatenga nsungwi zong'alula: zimapinda n'kutsata kuzungulira, pamene matabwa owongoka akanakupatsani makona, ndipo kuti makonawo asaoneke mukanafuna timatabwa tambirimbiri. Bowo la bawuti lozunguliridwa ndi mizere yowongoka 8 si lozungulira, ndi chinthu cha makona 8, ndipo malo ake amachepa ndi pafupifupi magawo 10 pa 100 poyerekeza ndi bowo lenileni. Mizere 8 yokhota imalitsata bwino kwambiri. Izi n'zofunika chifukwa stress imaunjikana pa malo okhota omwewo. Kirsch anasonyeza mu 1898 kuti pa chitsulo chachikulu chafulati chokokedwa mbali imodzi, stress ya m'mphepete mwa bowo laling'ono lozungulira imawirikiza katatu. Kuti kompyuta ipeze 3 ameneyu iyenera kuona bowo lozungulira. Pali msampha apa: mukasintha order pa mesh imene yasiyana kale ndi chojambula chake, monga yochokera ku fayilo ya STL, imene imasunga khungu la chinthu ngati timakona atatu tafulati, ma node atsopano amangogwera pakati pa mizere yowongoka. Kupindika kuwerengedwa bwino, koma makona a pa bowo atsala momwemo.

Kukhota kumeneku kuli ndi malire. Pa kona yozungulira yaing'ono pamene ma element ali aakulu, node ya pakati imakokedwa kwambiri kuti ifike pakhungu, mpaka element imapindikira m'kati mwa iyo yokha. Kompyuta imazindikira zimenezi kudzera mu nambala yotchedwa Jacobian, imene imayeza m'mene element yatambasukira poyerekeza ndi element yangwiro. Ikafika pa ziro kapena kutsika kupitirira apo, kuwerengera kumaima. Ogwiritsa ntchito CalculiX amaudziwa uthenga wa nonpositive jacobian determinant. Pa mzere wowongoka, node ya pakati iyenera kukhala m'chigawo chapakati, osafika pa kota ya mzere kuchokera ku ngodya. Mankhwala ake ndi kuchepetsa ma element pa malowo, kugwiritsa ntchito chowongolera cha high order chimene Gmsh ili nacho, kapena kuchotsa timakona tokongoletsa timene tili kutali ndi pamene pali katundu. Chosangalatsa n'chakuti Henshell ndi Shaw mu 1975, ndi Barsoum mu 1976, anasandutsa vuto lomweli chida: kuika node dala pa kota kumapangitsa stress kukwera pa ngodya monga momwe imakwerera pa nsonga ya mng'alu, ndipo ofufuza ming'alu akugwiritsabe ntchito njirayi.

Ophunzira a ku mayunivesite a Wits kapena UJ amene mumalemba timapulogalamu tanu tosamutsa mesh, dziwani kuti mapulogalamu sagwirizana pa ndondomeko ya ma node 10 aja. Gmsh imasinthanitsa awiri omaliza poyerekeza ndi Abaqus ndi VTK. Gmsh ikamatulutsa fayilo ya Abaqus imakonza yokha, koma mukawerenga fayilo yake ndi Python n'kukopera manambala momwe alili, ma element onse amapotoka.

Pali chinthu china chodabwitsa pa element imeneyi chimene chimasokoneza ngakhale odziwa. Mukathira pressure yofanana pa mbali yake imodzi, ya ma node 6, masamu amagawa katunduyo motere: ma node atatu a pakati amatenga gawo limodzi mwa atatu aliyense, a pa ngodya satenga kanthu. Ziro. Munthu amene wagawa mphamvu mofanana kwa ma node onse ndi dzanja lake amapeza stress yokwerakwera ndi yotsikatsika pa malowo. Musiyeni pulogalamu agawe yekha pa mbali yonse. Ziro yemweyu amavutitsa pamene zitsulo ziwiri zikukhudzana, chifukwa node ya pa ngodya ilibe mphamvu yodziwira ngati yakhudza kapena yasiya. N'chifukwa chake Abaqus ili ndi C3D10M, element yosinthidwa dala, ndipo njira zoyeza kukhudzana pa mbali yonse m'malo mwa node imodziimodzi zimachita bwino. Pa kuwerengera kugundana kwa liwiro, kumene kumafuna kuti node iliyonse ikhale ndi kulemera kwake, kugawa kulemera mwa njira yosavuta kumapatsa node ya pa ngodya gawo limodzi mwa 20 lochepera ziro, chinthu chopanda tanthauzo. Mapulogalamu a ntchito imeneyo ali ndi ma element awoawo, ndipo kumeneko malangizo anga a ma node 10 musawatsate mwachimbulimbuli.

Labala nayenso ali ndi nkhani yake. Chitsulo chili ndi Poisson's ratio, muyeso wa m'mene chinthu chimawondera m'mbali chikakokedwa, ya pafupifupi 0.3, pamene labala amayandikira 0.5: amasintha maonekedwe koma safinyika kukhala wochepa. Tet ya ma node 4 imauma kotheratu pa zinthu zotere, ndipo ya ma node 10 imachitako bwino koma pressure yake imatha kusokonekera. Amene mukuwerengera labala wokuta mapule a malamba kapena wa m'zigayo za miyala, funani element yowerengera pressure payokha, monga C3D10H. Ngakhale chitsulo chikadutsa pa yield, malire amene chimayambira kupindika kosabwerera, chimayenda mosasintha kuchuluka kwake, choncho vutoli limabwera mukamawerengera kupindika kosabwerera.

Chimene order yapamwamba singachize ndi kona yakuthwa yolowa m'kati, monga pamene nthiti yakumana ndi chitsulo chafulati popanda kuzungulira. Pa masamu, stress ya pamenepo ilibe malire. Mukachepetsa ma element imakwera, mukachepetsanso imakweranso, ndipo ma tet a ma node 10 amangoikweza msanga. Ndaonapo anthu akubwerera ku ma node 4 chifukwa choti kufiira kwachepa, ndipo zimandiwawa, chifukwa achotsa chenjezo labodza pa kona imodzi n'kubisa stress yeniyeni pa chitsulo chonse. Jambulani kuzungulira kumene kudzakhalepo chitsulocho chikapangidwa. Ngati ndi pa mzere wowotcherera, tsatani njira ya hot spot ya International Institute of Welding: werengani stress pa mtunda wa 0.4 ndi wa 1.0 wa kuchindikala kwa chitsulo kuchokera pamene chowotchereracho chathera, n'kujambula mzere wofika pamenepo.

Nanga bwanji osapitirira order 2? Zimatheka. Tet ya order 3 ili ndi ma node 20, ya order 4 ili ndi 35. Barna Szabó ndi Ivo Babuška anakuza njira yosiya mesh momwe ilili n'kumakweza order, ndipo Creo Simulate imakwera mpaka order 9. FEniCS, NGSolve ndi MFEM amalola order imene mwafuna. Pamene zonse zili zosalala, monga pa mafunde a phokoso, cholakwa chimatsika mofulumira modabwitsa, bola khungu la chinthucho litsatidwenso mwa order yofanana. Koma zitsulo za m'mafakitale athu zili ndi mabawuti, zowotcherera ndi makona, ndipo katundu weniweni wa pa mgodi sitimudziwa molondola chotero. Pa ntchito yotere ine ndimaima pa order 2, nthawi yotsalayo ndimaithera pa kufunsa ngati ndamanga chitsulocho pa kompyuta monga chidzamangidwire pamalo pake. Ndipo lata lochindikala mamilimita atatu lotalika mamita awiri silifuna ma tet a mtundu uliwonse, limafuna ma shell element, opangidwira zinthu zopyapyala.

Injiniya wolembetsedwa ku ECSA, bungwe lolembetsa ma injiniya ku South Africa, amene adzasaine ntchitoyo ayenera kupeza mu lipoti mtundu wa element, chiwerengero cha ma node, ndi zotsatira za ma mesh osachepera awiri osiyana kukula. Chithunzi chokha sichimuuza kanthu. Ndipo musanakhulupirire pulogalamu yanu pa bulaketi, iyeseni pa chinthu chimene mungawerengere ndi pensulo. Jambulani mtanda wachitsulo wa mamilimita 20 m'lifupi, 20 msinkhu, 500 m'litali. Mangani mapeto amodzi, pa enawo ikani mphamvu ya 100 N yoloza pansi, E, muyeso wa kuuma kwa chitsulo, ikhale 210,000 MPa. I ya mtandawo, nambala yoyeza m'mene maonekedwe ake amakanira kupindika, ndi 20 × 20 × 20 × 20 n'kugawa ndi 12, imene ndi 13,333. Nsonga iyenera kutsika ndi FL³ kugawa ndi 3EI (F ndi mphamvu ija, L ndi kutalika kwa mtanda), mamilimita 1.49. Stress musaiwerengere pomangapo penipeni, pamene ngodya zimasokoneza manambala. Iwerengeni pakati pa mtanda, pa mamilimita 250, pakhungu la pamwamba, pamene iyenera kukhala 18.75 MPa. Yendetsani ndi ma element a mamilimita 10 a ma node 4, kenako a ma node 10 a kukula komweko, mulembe manambala anayiwo pambali pa a pensulo. Mukatero chepetsani ma tet a ma node 4 kufika pa mamilimita 5, kenako 2.5, muone kuti mwafika pa ma node angati asanafanane ndi yankho limene ma node 10 anakupatsani pa mesh yoyamba ija.